PHUNZIRO 17: KODI ACHINYAMATA ATHU AONERE MAKANEMA A UMBANDA?

Gulu: Anyamata ndi atsikana a zaka 13 mpaka 17.
Kuwerenga: Miyambo 1:10-19, Genesis 4:1-16, Afilipi 4:8.
Vesi loloweza: Miyambo 4:23 (ana aliwerenge m'Baibulo mwao).
Cholinga: Kuti mwana adziwe kuyesa yekha kanema wa zakupha ndi zauchifwamba, ndi kusankha bwino ngakhale pamene palibe wamkulu womuona.

1. MAU KWA MPHUNZITSI

Aphunzitsi anzanga, musayambe phunziro ili mukuganiza kuti ana anu sanaonerepo makanema otere. Ambiri aonera kale. Ena amaonera m'nyumba za vidiyo pa msika, kumene womasulira amalankhula Chichewa pamwamba pa mau a Chingerezi naseketsa anthu ngakhale pamene munthu akuphedwa. Ena amapatsirana pa foni, naonera usiku atafunda bulangete, makolo ali m'tulo. Tsono mukangonena kuti, "Makanema onse ndi oipa, lekani," ana adzavomera ndi pakamwa chifukwa cha ulemu, koma madzulo omwewo adzabwerera kumene anali. Ndiponso mau amenewo sali oona kwenikweni, ndipo mwana akagwira mphunzitsi wake akukokomeza nkhani, sakhulupiriranso zina zimene anena.

Ntchito yanu lero ndiyo kupatsa ana muyeso. Kuti muchite zimenezi, muyenera kudziwa inu eni za makanemawa koposa zimene mudzanene m'kalasi. Nchifukwa chake ndakulemberani mwatsatanetsatane za makanema awiri otchuka, amene onse ali ndi mfuti, mwazi ndi mau otukwana, koma amasiyana kwambiri pa chimene amasiya mumtima mwa woonera.

2. KODI KANEMA WA UMBANDA AMAGWIRA BWANJI MUNTHU?

Kanema wa mtundu uwu amakamba za mlandu waukulu monga kupha, kuba ndi mfuti, kapena malonda a mankhwala ozunguza bongo, ndipo amakonzedwa mwakuti woonera asapume. Opanga ake ali ndi njira zao. Amatisonyeza choopsa chimene munthu wa m'nkhanimo sakuchiona, kuti ife tidere nkhawa m'malo mwake. Amaika nyimbo yogunda ngati mtima. Amadula zithunzi msangamsanga pamene zinthu zavuta. Koposa zonse, amasankha munthu mmodzi amene tidzayenda naye kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo popeza tikuona zonse ndi maso ake, timayamba kumufunira zabwino, ngakhale ali wakupha.

Njira yotsirizayi ndiyo muisamale. Munthu wamkulu amatha kunena mumtima mwake, "Ndikumumvera chisoni, koma zimene akuchita nzoipa." Mwana wa zaka 13 kawirikawiri sanafike polekanitsa ziwirizi. Amene wamukonda, amafuna kufanana naye pa mayendedwe, pa mavalidwe ndi pa malankhulidwe.

Kumbukiraninso kuti kungotchula zachiwawa sikuipitsa nkhani. Buku la Genesis limatiuza za Kaini amene anapha mbale wake kumunda. Pa 2 Samueli 11 tiwerenga za mfumu imene inakonza imfa ya msilikali wake kuti itenge mkazi wake. Fanizo la Msamariya wachifundo liyamba ndi achifwamba. Koma taonani m'mene nkhanizi zilembedwera: kupha kwenikweniko kumatenga mau ochepa, ndipo malo ambiri amapita kwa wolakwiridwa, ku mlandu, ndi ku zotsatira zake. Funso lathu tsono ndi ili: kodi nkhaniyo ikuchita chiyani ndi chiwawacho?

3. KANEMA WOYAMBA: TSOTSI (2005)

Kanema uyu anapangidwa ku South Africa ndi Gavin Hood, kuchokera m'buku la Athol Fugard limene linasindikizidwa mu 1980. Mu 2006 analandira mphotho ya Oscar monga kanema wopambana wa chilankhulo chachilendo, ndipo anali woyamba wa ku South Africa kulandira mphothoyo. Amene anasewera ngati Tsotsi ndi Presley Chweneyagae, yemwe anamwalira mu 2025 ali ndi zaka 40. Kanemayu ndi wa ola limodzi ndi theka.

Nkhani yake ndi ya masiku asanu ndi limodzi m'moyo wa mnyamata wotsogolera kagulu ka achifwamba m'malo a anthu osauka ku Johannesburg. Dzina lake lenileni ndi David, koma iye sakulifuna. Amangodziwika kuti Tsotsi, ndiko kunena chigawenga. Pachiyambi pomwe, iye ndi anzake atatu, Butcher, Aap ndi Boston, abera munthu m'sitima ya pamtunda, ndipo Butcher amulasa ndi chitsulo chosongoka mpaka kufa, anthu ali thithithi m'sitimamo. Boston, amene anaphunzirako za uphunzitsi koma osatsiriza, anyansidwa nazo, nafunsa Tsotsi ngati anakondapo munthu. Tsotsi amumenya koopsa. Usiku womwewo aombera mayi wina pa chipata cha nyumba yake, nathawa ndi galimoto. Ali m'njira amva kulira: kumbuyo kuli khanda.

Kuyambira pamenepo nkhani itembenuka. Tsotsi atenga khandalo m'thumba la pepala kunka nalo ku chisakasa chake. Sadziwa kulisamala. Alimwetsa mkaka wotsekemera wa m'chitini, nalisiya, ndipo pobwera apeza nyerere zili pakamwa pa mwanayo. Aopseza ndi mfuti mayi wina wamasiye, Miriam, kuti aliyamwitse. Pang'onopang'ono tiona kumene iye anachokera: amake anali gone ndi matenda, atate ake oledzera anathyola msana wa galu wake pommenya chidyali, ndipo iye anathawa kukagona m'mapaipi a simenti pamodzi ndi ana ena osowa kwao. Pambuyo pake, pamene kaguluko kabwerera kukaba kunyumba kwa makolo a khandalo, Butcher afuna kuombera atate a mwanayo, ndipo Tsotsi apha Butcher. Potsiriza abweza mwana kwa eni ake ndi manja ake, apolisi atamzinga, ndipo akweza manja m'mwamba.

Onani zinthu zitatu m'kanemayu. Choyamba, chiwawa chake nchonyansa. Palibe woonera amene angaombe m'manja pamene munthu uja alasidwa m'sitima. Chachiwiri, olakwiridwa ali ndi nkhope ndi maina. Mayi woomberedwa uja sayendanso, ndipo timuona m'chipatala akulirira mwana wake. Chachitatu, kusintha kwa Tsotsi kuli ndi mtengo wake: abweza chimene anatenga, apepesa Boston, ndipo adzipereka ku chilango. Nkhani yake ikumbutsa za Zakeyu pa Luka 19, amene kulapa kwake kunaoneka pa kubweza.

Koma musabise zovuta zake. Muli anthu awiri ophedwa poyera, muli kumenya kwa mwazi, muli mau otukwana ambiri. Ndiponso mwana wosaganiza mozama angatengepo phunziro lolakwika, lakuti amene anazunzika ali wamng'ono alibe mlandu pa zimene achita atakula. Kanemayu sanena zimenezo, koma pafunika wamkulu woti alongosole.

4. KANEMA WACHIWIRI: SCARFACE (1983)

Uyu ndi wa ku America, wopangidwa ndi Brian De Palma, ndipo Al Pacino asewera ngati Tony Montana. Mu 1980 anthu pafupifupi 125,000 anachoka ku Cuba pa mabwato kunka ku Florida, ndipo nkhaniyi imuika Tony pakati pao. Afika ku Miami alibe kanthu, ayamba ndi kutsuka mbale, alowa malonda a cocaine, aphetsa bwana wake, natenga mkazi wake ndi malonda ake. Alemera koopsa. Pambuyo pake mankhwala omwewo amusokoneza mutu, apha bwenzi lake lapamtima, mlongo wake aphedwa m'nyumba mwake, ndipo iyenso afa ndi zipolopolo. Kanemayu ndi wa maola pafupifupi atatu, ndipo muli malo ena pamene munthu aphedwa ndi makina ochekera mitengo. Poyamba bungwe loyesa makanema ku America linamuika m'gulu la oletsedwa kwa ana onse, ndipo linafewetsa chiweruzocho opanga atadandaula.

Wina adzati, "Koma aphunzitsi, Tony anafa. Kodi si phunziro labwino limenelo?" Yankho lake lili pa zimene zinachitika kanemayu atatuluka. Kwa zaka zambiri chithunzi cha Tony Montana chakhala chikusindikizidwa pa malaya ndi pa mapepala opachika kuchipinda, ndipo oimba ambiri amutchula monga chitsanzo cha munthu wodzikweza yekha kuchokera m'fumbi. Amene amavala malayawo sakumbukira mtembo wa pamapeto. Akumbukira suti yoyera, galimoto, ndalama zodzaza matumba, ndi munthu wosaopa aliyense. Mphindi khumi za chilango sizifafaniza maola awiri a ulemerero. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Vuto la mwana ndi lakuti amaona khungu la nkhuyuyo nthawi yaitali, nyererezo nkuziona mochedwa.

Werenganinso Miyambo 1:10-19 muli ndi kanemayu m'maganizo. Atate akuchenjeza mwana wao za anzake omuitana kuti akabisalire anthu, nagawane chuma m'thumba limodzi. Nyambo zake ndi ziwiri, chuma chamsanga ndi kukhala wa m'gulu, ndipo nzomwezo zimene kanemayu amawalitsa.

5. ZIMENE AKATSWIRI ANAPEZA

Amene munapita ku sukulu ya uphunzitsi mudzakumbukira Albert Bandura wa ku Stanford University. Mu 1961 anaonetsa ana aang'ono, a zaka zapakati pa 3 ndi 6, munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu, ndipo anawo atasiyidwa ndi chidolecho anachita zomwezo. Mu 1963 anapeza kuti kuonera pa kanema kunali ndi mphamvu yofanana ndi kuona ndi maso. Mu 1965 anayesa china: ana ena anaona womenyayo akupatsidwa mphotho, ena anamuona akulangidwa. Amene anaona chilango anatsanzira pang'ono. Koma atawalonjeza mphatso kuti asonyeze zimene anaona, onse anazichita mofanana. Ndiye kuti chilango chinawaletsa kuchita pa nthawiyo, koma kuphunzira anali ataphunzira kale.

Mu 2003 Rowell Huesmann ndi anzake a ku University of Michigan anafalitsa zimene anapeza atatsatira ana kwa zaka 15, kuyambira ali ku pulaimale mpaka atakula. Amene ankaonera kwambiri zachiwawa pa wailesi ya kanema, makamaka amene ankadziyerekeza ndi womenyayo nakhulupirira kuti moyo uli choncho, anapezeka aukali koposa anzao atakula. Katswiri wina, George Gerbner, anasonyeza kuti oonera kwambiri amayamba kuyesa dziko loopsa koposa m'mene liliri, nakhala amantha ndi osakhulupirira anzao.

Koma tinene zoona zonse. Akatswiri ena amati mphamvu ya kanema payokha njochepa poyerekeza ndi nkhanza za pakhomo, mowa, umphawi ndi anzake a mwanayo. Amakumbutsanso kuti ku America milandu ya chiwawa inatsika kwambiri kuyambira cha m'ma 1990, pamene makanema achiwawa anali ponseponse. Choncho musauze ana kuti aliyense woonera kanema wa mfuti adzasanduka mbava, pakuti adzaona okha kuti si zoona. Auzeni kuti chimene munthu aonera kawirikawiri chimamzolowetsa. Amene waona imfa zambiri zoseketsa sachedwa kuima nkumaonerera pamene wakuba akumenyedwa pa msika, kapenanso kujambula ndi foni m'malo moitana thandizo. Dziwaninso kuti mbali ya ubongo yothandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zam'tsogolo imapitirira kukhwima mpaka zaka za m'ma 20. Mnyamata wa zaka 15 ali ndi thupi la munthu wamkulu, koma chiweruzo chake chikadakula.

6. ZIZINDIKIRO ZA ZAKA

Maiko ambiri ali ndi mabungwe oyesa makanema. Kuno ku Malawi lamulo la ntchito imeneyi linakhazikitsidwa mu 1968. Ku Britain amalemba U, PG, 12, 15 kapena 18, ndipo nambalayo ndi zaka zimene munthu ayenera kufika. Ku America amalemba G, PG, PG-13, R ndi NC-17. R itanthauza kuti wosafika zaka 17 aonere pokhapokha ali ndi kholo kapena womlera. Tsotsi analembedwa 15 ku Britain ndi R ku America. Scarface analembedwa 18 ku Britain ndi R ku America.

Phunzitsani ana kuyang'ana zizindikirozi, pakuti kanema wopatsirana pa foni amafika wopanda chikuto, ndipo mwini nyumba ya vidiyo safunsa zaka koma ndalama. Komabe chizindikiro ndi mpanda woyamba chabe. Chimawerenga kuchuluka kwa mwazi ndi kutukwana, koma sichitiuza kumene kanemayo akukokera mtima. Mwaona kuti ku America makanema athu awiriwa ali ndi chilembo chimodzi.

7. MAFUNSO ANAI OYESERA KANEMA

Lembani awa pa bolodi, ndipo ana awakopere:

(a) Kodi kanemayu akufuna kuti ndikonde yani, ndipo chifukwa ninji?
(b) Kodi wovulazidwa akuoneka ngati munthu wokhala ndi abale, kapena ngati chinthu chongogwa?
(c) Pamene munthu akuphedwa, kodi akufuna kuti ndimve chisoni, kapena ndisangalale?
(d) Nditatha kuonera, ndikufuna kuchita chiyani, ndipo kodi ndingafotokozere amai kapena agogo zimene ndaona popanda manyazi?

Mafunsowa achokera pa Afilipi 4:8, pamene Paulo atchula zinthu zoyenera kuzilingalira, ndipo choyamba pa mndandanda wake ndicho choonadi. Kanema wosonyeza kuti kupha kumawawa ndi kuti mlandu umatsata mwini wake akunena zoona, ngakhale ali wowawa kuonera. Kanema wosonyeza kuti mfuti imapatsa ulemu akunama, ngakhale atapangidwa mwaluso.

8. TSONO TIYANKHE BWANJI?

Ana adzafuna yankho lomveka, ndipo muwapatse.

Kwa a zaka 13 ndi 14: makanema onse awiri sayenera. Asathamangire, nthawi yao idzafika.

Kwa a zaka 15 mpaka 17: Tsotsi angaoneredwe, makolo atavomera, wamkulu ali pomwepo, ndipo pambuyo pake akambirane. Wamkuluyo ayambe waonera yekha. Ndi kanema waphindu kwa munthu wokhwima, makamaka kwa ife amene abale athu ambiri amapita ku Johannesburg kukafuna ntchito, ndipo anyamata athu amalota za kumeneko. Scarface ayi. Phunziro limene lilimo angalipeze kwina popanda kumeza zonsezo.

Samalani za mwana amene anaonapo nkhanza kwao, amene achifwamba analowapo m'nyumba mwao, kapena amene anataya kholo posachedwa. Kwa iye ngakhale kanema wabwino angatsegule bala. Musamfunse pa gulu. Mukaona kuti wakhala chete kapena watuluka, mulankhule naye padera.

Musaonetse makanemawa m'kalasi la Sande Sukulu. Kufotokoza nkhani yake nkokwanira, ndipo chilolezo choonera ndi cha makolo, osati chathu.

9. KAPHUNZITSIDWE (mphindi 40)

Mphindi 5: Funsani ana maina a makanema amene anzao amakonda. Nenani "anzanu," kuti ayankhe momasuka. Musadzudzule yankho lililonse.
Mphindi 10: Werengani Miyambo 1:10-19 ndi Genesis 4:1-16. Ana apeze mavesi angati akamba za kupha kwenikweniko, ndi angati akamba za zotsatira zake.
Mphindi 10: Fotokozani mwachidule nkhani ya Tsotsi ndi ya Tony Montana, osakometsera za mwazi.
Mphindi 10: Gawani ana m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse liyese makanema awiriwo ndi mafunso anai aja, kenaka liyese kanema wina amene iwo amdziwa.
Mphindi 5: Vesi loloweza ndi pemphero.

10. MAFUNSO OBWEREZA

1. Kodi anzake oipa a pa Miyambo 1 amakopa mnyamata ndi zinthu ziti?
2. Tsotsi ndi Tony Montana onse anapha anthu. Kodi makanema ao asiyana pati?
3. Nchifukwa ninji kufa kwa chigawenga pamapeto sikukwanira kuyeretsa kanema?
4. Kodi Bandura anapeza chiyani mu 1965 za ana amene anaona womenya akulangidwa?
5. Mnzako akakutumizira kanema wolembedwa 18, udzamuyankha chiyani osathetsa chibwenzi?

Ntchito ya kunyumba: Mwana aliyense afunse kholo kapena womlera kuti agwirizane lamulo limodzi la zoonera pakhomo pao, ndipo adzalinene sabata yamawa. Inu aphunzitsi, ngati nkotheka, dziwitsani makolo za phunziroli pa msonkhano wa kumudzi, pakuti ambiri sadziwa zimene zili m'foni za ana ao, ndipo ena adzathokoza kuti mwayambitsa nkhaniyi.

Pemphero: Pemphererani ana kuti akhale ndi mtima wachifundo ndi nzeru zosankha, pemphererani ana ogona m'misewu ya m'mizinda yathu, ndi onse amene anavulazidwa ndi achifwamba.